Disiki yafiira: kusamutsa magemu ndi ma mod popanda kuwotcha bandulo

Mphwanga anatulukira kwathu ku Chilomoni Loweruka lina m'mamawa, laputopu ili kumsana, nkhope ili yakugwa ngati wabedwa foni m'minibasi. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Achimwene, C yafiira." Amanena kamzere kaja kosonyeza malo pa disiki ya C, imene mumakhala Windows, komwe Windows imakafiiritsa malo akatsala pang'ono kutha. Makina akewo anabwera ndi SSD, disiki yothamanga ija, ya 256GB, imene pa kompyuta imaoneka ngati 238GB basi. M'menemo anapanikizamo Windows, GTA V yomwe payokha imadya pafupifupi 100GB, Euro Truck Simulator 2 ndi mulu wa ma mod (zoonjezera zimene osewera amapanga n'kuika m'gemu) a mabasi ndi mamapu, kuphatikizapo ntchito zake za kusukulu. Dzulo lake anali atagula hadi disiki ya 1TB ku Limbe, ndipo pulani yake inali yachidule: kufufuta magemu onse, kenako kuwadawunilodanso pa disiki yatsopanoyo.

Ndinamuuza kuti ayambe wamwa tiyi.

Njira yakeyo si yolakwika, ndipo kumene intaneti ndi yotchipa ndi yomwe anthu amalangizana, chifukwa gemu imalowa yoyera, yopanda zinyalala zakale. Koma tiwerengere kaye. Kudawuniloda 100GB pa liwiro la 10Mbps, netiweki osadukaduka, ndi maola pafupifupi 22. Mtengo wa bandulo yake mukuudziwa nokha. Mafayilo omwewo kuwakopera kuchoka pa disiki ina kupita pa inzake, ngakhale pa hadi disiki wamba yoyenda 100MB pa sekondi, pa pepala ndi mphindi zosakwana 20, ndipo m'zochitika mwina theka la ola kapena kupitirirako poti timafayilo ting'onoting'ono timachedwetsa. Kwacha situluka ndi imodzi yomwe. Chachiwiri ndi ma mod. Ambiri a ife tinawapeza kwa anzathu pa fulashi, ena pa linki yomwe inafa kalekale. Ukafufuta, n'kwathunthu. Ndiye ine kudawunilodanso ndimakusiyira timagemu ting'onoting'ono, kapena gemu yomwe yasokonekera kale moti kuisamutsa n'kusamutsa matenda.

Musanasankhe njira ina iliyonse, dziwani kuti gemu sikhala malo amodzi. Zili ngati munthu wa lendi amene akusamuka ku Ndirande kupita ku Machinjiri: bedi ndi mipando zili m'nyumba, koma njinga ili kwa aneba, ziwiya zina zili kwa azakhali. Ukangonyamula za m'nyumba, ufika kumene ukupitako n'kuyamba kufunsa kuti mbaula ili kuti. Gemu yeniyeniyo, ngati ndi ya Steam, pulogalamu yogulira ndi kuyambitsira magemu, imakhala mu steamapps\common. Ma mod a pa Steam Workshop amakhala kwina, mu steamapps\workshop\content, m'foda yolembedwa nambala ya gemuyo; ya Euro Truck Simulator 2 ndi 227300. Ma mod a mathiraki amene munaika pamanja ali mu Documents\Euro Truck Simulator 2\mod. A The Sims 4 ali mu Documents\Electronic Arts\The Sims 4\Mods. A Minecraft anabisala mu AppData, m'foda ya .minecraft. A GTA V okha ndi amene nthawi zambiri amagona m'foda momwe muli gemumo. Ma save, aja osunga pomwe munalekezera, amakhala mu Documents, mu AppData kapena mu Saved Games, kutengera ndi gemu yake. Awa akopereni pa fulashi musanakhudze china chilichonse. Ndi aang'ono, satenga mphindi zisanu, koma ndi okhawo amene palibe mnzanu angakubwezereni.

Titaona pa makina a mphwangayo, tinapeza kuti foda ya ma mod a mathiraki inali yaikulu kuposa gemu ya mathirakiyo. Akanasamutsa gemu yokha, C ikanatsala yofiirabe.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kuisiyira Steam kuti isamutse yokha. Mupita ku Settings, kenako Storage, muonjezere disiki yatsopano, musankhe gemu, mudine Move. Mungathenso kudzera pa Properties ya gemuyo, pa Installed Files. Steam imanyamula mafayilo n'kudzilembera yokha malo atsopanowo, inu manja ali m'thumba. Kwa gemu yopanda ma mod, musavutike kuwerenga zotsatirazi, njira ndi imeneyi. Pulogalamu ya Xbox ya pa kompyuta nayonso imalola kusintha disiki ya gemu mwanjira yofanana. Chofooka chake n'chakuti Steam imadziwa za Steam zokha. Zili mu Documents sizikhudza n'komwe. Mapulogalamu ena oyendetsa ma mod, amene anauzidwa kuti gemu ili pa C, adzapitabe kukaifuna pa C. Ndipo ikamaliza, pitani mukasuzumire m'foda yakale. Mukapezamo timafayilo timene munaikamo nokha, titsatitseni kumalo atsopano musanatsegule gemu.

Njira ina ndi kukopera pamanja, kenako n'kuionetsa pulogalamu yoyambitsira gemu komwe mwaika. Iyi ndimaikonda pa magemu ngati GTA V amene ma mod ake anasakanikirana ndi mafayilo a gemu, chifukwa foda yonse imasamuka monga ilili, ndipo yakale imatsala yathunthu mpaka mutatsimikiza kuti yatsopano ikuyenda. Pa Steam, choyamba onjezerani disiki yatsopano pa Storage paja kuti ipange foda ya SteamLibrary, kenako tsekani Steam yonse, osati kungobisa windo lake. Koperani foda ya gemu kupita mu steamapps\common ya kumeneko. Pali kafayilo kena kamene ambiri amakaiwala, kotchedwa appmanifest, kokhala mu steamapps mwenimwenimo. Ka GTA V yakale ija, yomwe tsopano amaitcha Legacy, ndi appmanifest_271590.acf. Kameneka ndiye chiphaso cha gemu, kamauza Steam kuti gemu ilipo ndipo ndi ya mtundu uti. Kasamutsireni mu steamapps yatsopano, osakasiya malo awiri. Mukatsegula Steam, gemu ioneka ngati sinasunthe. Mukakaiwala, Steam idzakupatsani batani la Install. Musachite mantha, ilozeni pa disiki yatsopanoyo, iyamba ndi kufufuza mafayilo amene alipo kale m'malo mowadawuniloda.

Mapulogalamu ena oyambitsira magemu monga Ubisoft Connect ndi Battle.net ali ndi poti munthu alozepo foda ya gemu yomwe ili kale pa kompyuta, ndiye kumeneko ntchito ndi yaifupi. Ya Epic Games anthu anaipezera kanjira kokhota: ukopera gemu pena, uichotsa mu pulogalamuyo, uyamba kuiikanso pa disiki yatsopano, uimitsa ikangoyamba, uthira mafayilo ako aja m'foda yomwe yapangayo, kenako upitiriza kuti iwayendere n'kuwavomereza. Zimatheka, koma ukachedwa kuimitsa, bandulo ikhala ikutha.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi Cut. Chaka china ndinkasamutsa magemu pa kompyuta yanga ya pa desiki, ndinasankha Cut m'malo mwa Copy poganiza kuti ndikupulumutsa nthawi. Zili pakati, magetsi anathima. Atayaka usiku ndinapeza mafayilo ena ali pa C, ena pa D, disiki yachiwiriyo, ndipo imodzi yaikulu, yomwe inali m'njira pa nthawiyo, ili yoduka. Ndinachezera kufananiza mafoda awiri ngati wowerengera matumba a chimanga pa mdima. Kuyambira pamenepo ndimakopera basi, kufufuta kumabwera patapita masiku. Amene saopa windo lakuda la Command Prompt agwiritse ntchito robocopy, pulogalamu yokopera mafayilo yomwe imabwera kale ndi Windows:

robocopy "C:\Games\GTAV" "D:\Games\GTAV" /E /Z /R:2 /W:5

Ubwino wake ndi wakuti zikaduka, mukalembanso mzere womwewo imadumpha zomwe inamaliza kale n'kupitiriza zotsala.

Msampha wachiwiri ndi batani lija la Verify integrity of game files. Anthu amathamangira kulidina akangosamutsa, ndipo kwa gemu yopanda ma mod n'zabwino. Koma ntchito yake ndi kubwezeretsa fayilo iliyonse ya gemu yomwe yasinthidwa. Ngati ma mod anu munawalemba pamwamba pa mafayilo enieni a gemu, Steam idzawaona ngati owonongeka, idzadawuniloda oyambirira, ndipo magalimoto anu onse aja adzasowa pamodzi ndi bandulo. Osewera GTA V amene anamvera malangizo a OpenIV, pulogalamu yoikira ma mod, n'kuika zosintha zawo m'foda yapadera ya mods apa amapuma bwino. Chinanso, gemu ikapeza mpata wodzikonzanso pa intaneti tsiku lomwelo, Script Hook V, imene ma mod ambiri a GTA V amadalira, imasiya kugwira mpaka itatuluka yogwirizana ndi gemu yatsopanoyo. Munthu amayamba kunena kuti kusamutsa kwawononga zinthu, chikhalirecho ndi update. Ndiye poyesa koyamba, ikani Steam pa Offline.

Tsopano njira imene anthu ochepa amaidziwa, koma ndi imene inapulumutsa mphwanga: kupanga junction. Mumasamutsa foda kupita pa D, kenako pamalo pomwe inali paja mumasiya chikwangwani chooneka ngati foda yeniyeni. Pulogalamu iliyonse ikagogoda pa C, Windows imaiperekeza ku D mwakachetechete, iyo osadziwa kuti yasamutsidwa. Koperani foda, sinthani dzina la yakaleyo kuti malo atseguke, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani motere:

mklink /J "C:\Users\Dzina\Documents\Euro Truck Simulator 2\mod" "D:\ETS2\mod"

Koyambako ndi malo akale, kumapetoko ndi malo atsopano. Pa "Dzina" muikepo dzina la akaunti yanu. Ikakana n'kunena kuti foda ilipo kale, ndiye kuti simunasinthe dzina la yakale ija. Njirayi ndi mankhwala a ma mod okhala mu Documents ndi mu AppData, a magemu akale amene analemba malo awo mkati mwa Windows ndipo safuna kumva zina, komanso a mapatchi a mpira aja a PES amene munakuikirani mnzanu ndipo simudziwa kuti anakhudza chiyani ndi chiyani. Simusintha setingi ndi imodzi yomwe.

Kuipa kwake n'kuiwala. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi simudzakumbuka kuti foda ija ndi chikwangwani chabe. Mukalowamo n'kufufuta zamkati poganiza kuti mukuyeretsa C, mukufufuta zenizeni za pa D. Ine ndimasiya kafayilo ka Notepad pa D kolemba ma junction onse amene ndinapanga. Ndipo chilembo cha disiki chikasintha, D n'kukhala E, chikwangwani chimaloza kutchire.

Ena amasamutsa Documents yonse kudzera pa Properties, pa Location. Zimagwira, ndipo magemu ambiri amatsatira. Koma ngati Documents yanu inagwidwa kale ndi OneDrive, ija yosungira mafayilo pa intaneti, yambani mwamasula zimenezo, apo ayi mupezeka ndi ma Documents awiri, gemu ikuwerenga kwina inu mukuika ma mod kwina.

Osewera Skyrim ndi Fallout 4, inu nkhani yanu ndi yapadera, ndipo itengera pulogalamu yomwe mumayendetsera ma mod. Vortex siika ma mod m'gemu mwachindunji. Imawasunga m'foda yakeyake, kenako imapanga ma hard link, kutanthauza kuti fayilo imodzi imaonekera malo awiri popanda kudya malo kawiri. Ma hard link sawoloka kuchoka pa disiki ina kupita pa ina, choncho foda ya ma mod iyenera kukhala pa disiki imodzi ndi gemu. Dongosolo lake musalidumphe: yambani ndi Purge Mods kuti gemu itsale yoyera, samutsani gemu, uzani Vortex malo ake atsopano, sinthani foda ya ma mod pa Settings kuti nayonso ipite pa disiki yomweyo, pomaliza dinani Deploy. Mukakopera gemu musanachite Purge, maulalo aja amasanduka mafayilo enieni, malo amadyeka kawiri, Vortex n'kuyamba kukufunsani mafunso osatha. Mod Organizer 2 ndi yofatsa pa nkhaniyi chifukwa ma mod ake salowa m'foda ya gemu. Imangowaonetsa kwa gemu pa nthawi yosewera. Mukasamutsa, mungokonza malo a gemu m'masetingi ake kapena m'fayilo ya ModOrganizer.ini, ndi malo a zida ngati SKSE, imene ma mod ambiri a Skyrim amadalira, pamndandanda wa zoyambitsa.

Zonsezi zikugwira ngati makina anu ali ndi malo a madisiki awiri. Malaputopu ambiri opyapyala ali ndi kamalo kamodzi kokha ka M.2, kolowa SSD yaing'ono. Pamenepo njira yanzeru ndi kujambula disiki yonse, Windows ndi zonse, kupita pa yaikulu, kenako n'kusinthanitsa. Anthu amati kukulona. Palibe chimene chimasintha malo: C imakhalabe C, ma mod, ma save ndi mapasiwedi zonse zili pomwe zinali. Kwa munthu amene ali ndi magemu khumi osokonekerana ndi ma mod ake, iyi ndi imene ili ndi mutu wochepa, ngakhale imaoneka yoopsa. Pamafunika kabokosi ka USB koikamo disiki yatsopano pa nthawi yojambulayo. Samsung ili ndi pulogalamu yake yaulere yojambulira kupita pa ma SSD ake, ndipo WD ndi Crucial amapereka ya Acronis kwa ogula madisiki awo. Clonezilla ndi yaulere pa disiki iliyonse, koma ilibe zithunzi zokongola, ndipo mukasokoneza yochokera ndi yopitako, mudzajambula disiki yopanda kanthu pamwamba pa moyo wanu wonse. Werengani kawiri kukula kwa disiki iliyonse musanavomere. Ngati laputopu ili ndi BitLocker, ija imakiya zonse za pa disiki, ndipo zambiri za Windows 11 zimabwera itayatsidwa kale mwini wake osadziwa, izimitseni kaye kapena sungani kiyi yake pa pepala. Mukamaliza mutha kupeza C idakali yaing'ono, malo otsalawo ali padera. Muikulitse mu Disk Management. Nthawi zina kagawo ka Recovery kamakhala pakati n'kutchinga, pamenepo pamafunika pulogalamu ina yokasuntha. Pa nkhani ya magetsi, laputopu ya batire yabwino ili ndi mwayi. Kompyuta ya pa desiki yopanda UPS kapena inveta, sankhani nthawi yake bwino, ngakhale zikaduka disiki yakale siwonongeka, mumangoyambiranso.

Funso loti musamutsire pa disiki yanji nalo ndi lofunika ngati njira yosamutsira. Hadi disiki ndi yotchipa pa malo ambiri, koma ya m'laputopu imayenda cha m'ma 100MB pa sekondi. SSD ya SATA imafika cha m'ma 550MB, ya NVMe ya PCIe 3.0 cha m'ma 3,500MB. Kusiyanaku sikuonjezera kwenikweni kusalala kwa gemu mukamasewera; kumaonekera podikira kuti itseguke, ndi pamene mukuthamanga m'mapu aakulu nyumba ndi misewu n'kumachedwa kuoneka. Magemu atsopano ambiri amalemberatu kuti amafuna SSD. Ine ndimaika gemu yomwe ndikusewera tsiku ndi tsiku pa SSD, zotsalazo zimadikira pa hadi disiki. Musanagule ya M.2 tsegulani makina kapena funsani waluso, chifukwa pali M.2 ya SATA ndi ya NVMe, zimafanana maonekedwe koma si makina onse amalandira zonse ziwiri. Laputopu yakale yokhala ndi DVD imene simuigwiritsanso ntchito, pamalo pakepo pamalowa caddy yonyamula disiki yachiwiri. Ilipo ya 9.5mm ndi ya 12.7mm, muyeze kaye.

Disiki yakunja ya pa USB ndimaiika kumapeto. Monga nkhokwe ndi yabwino kwambiri. Yosewererapo imavuta: chingwe chikagwedezeka gemu imafa, ndipo mukailowetsa pa USB 2.0, yomwe imapereka 30 kapena 40MB pa sekondi, mudzaphika nsima gemu isanatseguke. Ngati palibe kuchitira mwina, ilowetseni pa USB 3.0, nthawi zambiri ya buluu mkati, ndipo muipatse chilembo chakutali ngati G kapena X mu Disk Management kuti fulashi ya mnzanu isadzailande malo. Ifomateni kukhala NTFS. FAT32 siyilandira fayilo yoposa 4GB, ndipo pa exFAT ma hard link a Vortex sagwira.

Pogula, makamaka zakale kapena za pa intaneti zotchipa modabwitsa, musakhulupirire cholembedwa pa bokosi. Ndinaonapo ndi maso anga "SSD ya 2TB" yopepuka ngati bokosi la machesi, imene mnzanga wina anagula kwa wogulitsa wina mu tauni muno. Windows inkailemba 2TB ndithu, mafayilo ankaoneka ngati alowa, koma powatsegula ambiri anali opanda kanthu. Pulogalamu ya H2testw imadzaza disiki yonse n'kuwerenganso, ndiye bodza lotere limaululika. CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene disiki yagwira ntchito ndi thanzi lake. Ikalemba Caution mwachikasu, ibwezeni tsiku lomwelo. Koma musakakangane ndi wogulitsa chifukwa 1TB ikuoneka 931GB. Imeneyo si chinyengo, ndi kawerengedwe ka Windows.

Ya mphwanga inapezeka yabwino. Laputopu yake inali ndi malo a disiki ya mainchesi 2.5 opanda kanthu, ndipo mwamwayi kachingwe kake kanalimo, poti makina ena amabwera opanda. Tinaifomata NTFS, tinakopera ma save pa fulashi, GTA V tinaisamutsa ndi robocopy pamodzi ndi ka appmanifest kake. Euro Truck Simulator 2 yeniyeniyo tinaisiya pa SSD, koma foda ya ma mod inapita pa D kudzera pa junction. Pofika nthawi ya nkhomaliro anali akuyendetsa basi yake m'mapu ake aja, ma mod onse ali m'malo.

Anafuna kufufuta mafoda akale nthawi yomweyo kuti aone kamzere kaja katasanduka kabuluu. Ndinamugwira dzanja.

"Achimwene, nanga si zikuyenda?"

"Zikuyenda lero. Usewere mpaka Loweruka linalo, utsegule save iliyonse, kenako udzafufute."

Ananditumizira chithunzi pa WhatsApp Lachitatu usiku. Kamzere kanali kabuluu kale.